Tisagule mausi ngati usipa wothamangira nyali

Pa zida zonse zimene wophunzira wa pa yunivesite amagula, mausi ndi imene timaiganizira mochepa kwambiri. Laputopu timaifufuza miyezi: RAM yake njochuluka bwanji, batire imakhala maola angati, purosesa ndi ya m'badwo uti. Foni timafunsa kaye anzathu atatu tisanatulutse ndalama. Koma mausi timaitola ngati machesi pa okala, pomalizira penipeni, ndi chenji chotsala. Chonsecho kachida kameneka ndi kamene dzanja limagwira kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo kakayamba misala, laputopu ya ndalama zambiri ija imasanduka chinthu chokwiyitsa. Maganizo anga ndi awa: munthu wa thumba lopyapyala asathamangire yotsikitsitsa mtengo, asathamangirenso yowala mitundumitundu ija. Agule imene ikugwirizana ndi ntchito yake komanso dera limene akukhala.

Ndikunena za dera chifukwa ine kwathu ndi ku Nkhotakota, kufupi ndi Chia, ndipo holide iliyonse ndimakhala kumeneko. Malangizo ambiri ogulira zida amene timaonera pa YouTube amakonzedwa ndi anthu oti akaitanitsa katundu lero, mawa wafika pakhomo, akapanda kumukonda n'kubweza. Kuno sizitero. Pa boma mashopu a mafoni alipo ndithu, ndipo mausi mutha kuipeza, koma mumasankha pa mitundu iwiri kapena itatu imene mwini shopu anapikula. Mukafuna mtundu winawake, ndiye ulendo wa ku Lilongwe kudzera ku Salima, makilomita pafupifupi 200, ndipo thiransipoti yopita ndi kubwera imaposa mtengo wa mausiyo. Wa ku tauni mausi ikamufera amataya ola limodzi. Ife timataya masiku.

Chimene chandichititsa kuganizira zonsezi ndi kafukufuku wanga wa chaka chomaliza. Mu 2024 madzi a m'nyanja ya Malawi anakwera kwambiri, n'kulowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, ndipo ine ndikufuna kuona kuti gombe la kwathu lasuntha motani. Ndimatenga zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2, zimene ndi zaulere ndipo kadontho kamodzi kamaimira mamita 10 pansi, n'kuzitsegula mu QGIS. Kenako ndimatsata mzere wa pamene madzi akumana ndi mtunda: batani lakumanzere kuika mfundo, lakumanja kutseka mzere, kagudumu kapakati kukokera chithunzi pafupi kapena kuchikankhira kutali, ukakadina kagudumuko n'kusuntha mapu onse. Tsiku limodzi ndimadina kosawerengeka. Amene anayesapo ntchito yotere ndi touchpad akudziwa mmene chala chimawawira pofika madzulo. A AutoCAD ku MUBAS, a SPSS ndi Excel kulikonse, a Photoshop amene amapanga maposita a maukwati kuti apeze ya ndiwo, tonsefe vuto lathu ndi limodzi.

Mausi imene ndinayamba nayo ntchitoyi inali ya banyira. Amene anandigulitsa laputopu anangoiponya m'chikwama pamodzi ndi chaja, yopanda dzina, yopanda bokosi. Inatumikira miyezi ingapo, kenako inagwidwa ndi matenda amene ambiri a inu mukuwadziwa: ukadina kamodzi, iyo idina kawiri. Pa Facebook zimenezi n'zongoseketsa. Pa mapu ndi tsoka, chifukwa pamalo amodzi pamakhala mfundo ziwiri zosanjikizana, ndipo pulogalamu imayamba kudandaula kuti mzere uli ndi zolakwika. Ukamakoka fayilo kupita nayo ku foda ina, imaigwetsa panjira, n'kukaipeza kumene sunaitume. Chimene chimachitika m'kati n'chaching'ono: pansi pa batani pali kaswichi kokhala ndi kachitsulo kopyapyala ngati tsamba, ndipo kakatopa kapena kakachita dzimbiri kamanjenjemera pokhudza m'malo mogunda kamodzi. Chinyezi ndi fumbi zimafulumizitsa matendawa, ndipo kunyanja kuno ziwirizi sitisowa.

Ndalama yogulira ina inachokera kwa amayi, amene amagula usipa kwa asodzi, kuuyanika pa thandala, n'kugulitsa kwa amalonda ochokera ku Kasungu ndi ku Lilongwe. Nditawafotokozera kuti ndikufuna mausi, n'kuwamasulira kuti dzinalo pa Chingerezi ndi mbewa, anaseka mpaka kugwira nthiti. “Mbewa zatha mpunga kumundaku, iwe ukufuna ndikupatse ndalama ukagule ina?” Atamaliza kuseka anamasula mfundo ya pa chitenje, n'kunena mawu amene ndawatenga ngati muyeso wa nkhani yonseyi: “Ukagule yoti usadzabwerenso kudzandipempha.” Ndalama yonunkha nsomba, imene munthu waidzukira mbandakucha, suimwaza ngati ya njuga. Ambiri a ife ndi momwemo: kaya ndi ya loni, kaya ya makolo, kaya ya ganyu, ili ndi thukuta la winawake.

Amayi sanaseke pachabe, chifukwa dzinali linachokeradi ku kanyama komweko. Mausi yoyamba inapangidwa mu 1964 ku Stanford Research Institute ku California, kuchokera ku maganizo a Douglas Engelbart, ndipo amene anaimanga ndi mnzake Bill English. Kanali kabokosi ka thabwa, ka magudumu awiri pansi ndi batani limodzi pamwamba, ndipo chingwe chake chinkaoneka ngati mchira. Engelbart anaionetsa kwa anthu pa 9 Disembala 1968 ku San Francisco, koma inadzafala m'manyumba patapita zaka, makamaka Apple itatulutsa Macintosh mu 1984. Kagudumu kapakati kanatchuka ndi IntelliMouse ya Microsoft mu 1996, ndipo cha mu 1999 kampira kapansi kaja, kamene akuluakulu athu ankachotsa n'kupukuta, kanayamba kulowedwa m'malo ndi kuwala. Mbiriyi ikundiuza kuti mausi ndi luso lokhwima kale. Zofunika zonse zinatheka zaka zoposa 20 zapitazo. Choncho mausi wamba yopangidwa mwachilungamo siyenera kudula, ndipo wofuna kukweza mtengo amayenera kupeza china chotikopa nacho.

Chinacho kawirikawiri ndi magetsi. Aliyense wokulira kunyanja amadziwa mmene usipa umaphedwera usiku wopanda mwezi. Bwato limodzi limanyamula nyali, kale za parafini, masiku ano mababu a LED oyendera batire, ndipo usipa umasonkhana pansi pa kuwalako pamene ena akuzungulitsa chilimira mwakachetechete. Nsomba sifunsa kuti kuwalako kukuipatsa chiyani. Ndikaona mamausi olembedwa “Gaming” pa bokosi, osinthasintha mitundu, a chinjoka pamsana, koma opanda dzina la kampani imene mungaifufuze, ndimakumbukira nyali zimenezo. Timababu ta LED n'totsika mtengo kwambiri kwa wopanga. Zodula ndi sensa yabwino ndi maswichi olimba, ndipo zimenezo sizioneka kunja kwa bokosi. Ena amafika poika kachitsulo m'kati kuti mausi izilemera m'manja, ogula aziti njolimba. Mukadzatsegula yakufa ya mtundu umenewu, kawirikawiri mudzakapeza kachitsuloko, komangidwa ndi sikuluwu, kosagwira ntchito ina iliyonse.

Nyali yachiwiri ndi manambala. Bokosi lina limakuwa kuti 7200 DPI, lina 12000, ndipo mutu wa wophunzira umaganiza kuti nambala yaikulu ndiye malikisi abwino. DPI imangotanthauza kuti mukasuntha mausi inchi imodzi, imene ndi masentimita 2.54, kamuvi ka pa sikirini kayenda madontho angati. Tiyeni tiwerengere. Malaputopu ambiri amene tili nawo ali ndi madontho 1366 kuchokera kumanzere kwa sikirini kufika kumanja, abwinoko 1920. Mausi wamba ya 1000 DPI imadutsa sikirini ya 1920 yonse mukasuntha dzanja masentimita osakwana 5. Pa 7200 DPI ulendo womwewo ukutha musanakwanitse sentimita imodzi, kutanthauza kuti kunjenjemera pang'ono kwa dzanja kukuphonyetsani selo ya Excel imene mumafuna. Ngakhale akatswiri a Counter-Strike, amene amadya za gemu imeneyi, ambiri amasewera pa 400, 800 kapena 1600. Choipa china n'chakuti pa mamausi opanda dzina nambala yaikuluyo nthawi zambiri sichokera ku sensa. Amangochulukitsa zimene sensa yofooka yaona, ngati kukulitsa chithunzi cha mbuu: chimakula, mbuu wake nayenso amakula.

Chofunika ndi mmene sensayo imaonera. Pansi pa mausi pali kakamera kakang'ono kamene kamajambula tebulo kambirimbiri pa sekondi iliyonse, mothandizidwa ndi kuwala kofiira kuja, n'kumayerekeza chithunzi ndi chinzake kuti kadziwe kumene dzanja lalowera. Sensa yofooka imasokonezeka mukasuntha mofulumira: kamuvi kamalumphira pakona, kapena mu gemu munthu wanu amangoyang'ana kumwamba adani akukuwomberani. N'chifukwa chakenso mausi imavuta pa galasi, pa tebulo lonyezimira, kapena pa pulasitiki ya maluwa imene amayi athu amayala patebulo: kakamerako sikapeza poti kagwire. Musanaweruze kuti mausi yafa, iyeseni kaye pa pepala losanyezimira kapena pa kansalu.

Mng'ono wanga, amene ali Fomu 4, anatsutsa zonsezi. Iye ndi wa magemu, ndipo anandiuza kuti, “Achimwene, inu mukungoganiza za mapu anuwo. Pa gemu pamafunika 1000 Hz.” Mfundo ali nayo, koma tiione kukula kwake. Mausi wamba imauza kompyuta pamene ili ka 125 pa sekondi, kutanthauza kamodzi pa mamilisekondi 8 aliwonse. Ya magemu yeniyeni imatero ka 1000, kamodzi pa milisekondi imodzi. Phindu lake likachuluka ndi mamilisekondi 7. Tsono sikirini ya laputopu wamba imasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, pafupifupi mamilisekondi 17 pa chithunzi chilichonse, ndipo laputopu ya kaunjika ikamakoka GTA V pa zithunzi 30 pa sekondi, ndiye 33. Mukasewera Counter-Strike 2 pa intaneti, seva yapafupi ili ku Johannesburg, makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera ku Lilongwe. Kuwala m'nthambo za fibre kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi, choncho kupita ndi kubwera ndi mamilisekondi 15, musanawerengere nsanja ya foni ndi njira zokhotakhota zimene nthambozo zimadutsa. Pa kuchedwa konseko, gawo la mausi ndi laling'ono.

Ndiponso tizinena zoona za magemu amene timasewera. M'mahositelo mfumu ndi mpira: FIFA, imene kuyambira 2023 ikutchedwa EA Sports FC, ndi PES imene inasanduka eFootball. Amenewa timasewera ndi padi, mausi imangotsegula gemu n'kukhala pambali. Need for Speed ndi ya kiyibodi kapena padi. Free Fire ndi PUBG Mobile ndi za pafoni. Pamene mausi imalamula ndi pa magemu owomberana a pa kompyuta, monga Call of Duty ndi Counter-Strike. Ngati amenewo ndiwo moyo wanu, musakhutire ndi mawu a pa bokosi. Sungani ndalama pang'onopang'ono mugule yotsika mtengo ya kampani yodziwika. Logitech G102 Lightsync, mwachitsanzo, ili ndi mabatani 6, imafika 8000 DPI ndi 1000 Hz zenizeni, ndipo Razer DeathAdder Essential ndi ya gulu lomwelo. Palinso chinthu chaulere: mu Windows, pa zosintha za mausi, zimitsani Enhance pointer precision. Imachititsa kuti kamuvi kaziyenda mtunda wosiyana malinga ndi liwiro la dzanja, ndiye dzanjalo limavutika kuzolowera kuloza.

Funso lalikulu kwa ife akunyanja ndi la waya. Mausi yopanda waya njokongola, ndipo yabwino imagwira ntchito mofanana ndi yawaya. Koma imabwera ndi ngongole ziwiri. Yoyamba ndi batire. Logitech imati M185 yake imatha miyezi 12 pa batire imodzi ya AA, koma musayembekezere zimenezo kwa mabatire a tochi otsika mtengo amene timagula pa okala. Amenewo sapirira, ndipo akakhalitsa m'kutentha kwa mu Okutobala amatuluka madzi n'kudya tizitsulo ta m'kati. Ngongole yachiwiri ndi kachidutswa kolowetsa pa USB kaja, kochepa ngati chikhadabo. Kakagwera mumchenga, kapena mnzanu akabwereka mausi n'kuiwala kukazula pa laputopu yake, basi. Makampani akuluakulu amagulitsa kolowa m'malo pa mitundu ina, koma yopanda dzina ikataya kake yatha ntchito, ngakhale ikhale yatsopano.

Yawaya wamba sidya batire, ilibe kanthu koti kasowe, ndipo mphamvu imene imakoka pa laputopu siposa theka la wati. Magetsi akathima imagwirabe ntchito malinga laputopu ili moyo. Ilinso ndi ntchito ina imene ambiri saidziwa: ndi kachingwe ka OTG, mausi imagwira pa mafoni ambiri a Android. Sikirini ikasweka n'kusiya kumva chala, mumalumikiza mausi, kamuvi n'kutulukira, n'kupulumutsa manambala, zithunzi ndi manotsi anu. Ndinachitapo zimenezi pa foni ya amalume itagwera pa mwala ku doko, ndipo kuyambira tsiku limenelo amandipatsa ulemu wa dokotala. Pamene ndingavomereze yopanda waya ndi pamene laputopu ili ndi mabowo a USB awiri okha, limodzi la foni yopereka intaneti, lina la fulashi. Zikatero ya Bluetooth ndiyo nzeru, chifukwa sifuna bowo.

Amalume omwewo ndiwo anandipatsa muyeso wina. Iwo amati pa zida zonse za bwato, chotsika mtengo kwambiri ndi nkhafi, koma msodzi salola wina kumusankhira, chifukwa bwato limakhala pamadzi pomwe nkhafi imakhala m'manja. Ikatalika kapena ikalemera, phewa ndi limene limalipira mwera ukayamba. Mausi ndi chimodzimodzi. Timamausi tating'ono toyenda nato paulendo timakwana bwino m'chikwama, koma dzanja la munthu wamkulu likatigwira maola asanu limapindika ngati nkhanu, mkono n'kuyamba kuwawa. Igwireni musanagule: chikhatho chikhale pamsana pake, zala zifike pa mabatani popanda kupinda kwambiri. Amanzere asankhe yofanana mbali zonse ziwiri. Amene mumagwira ntchito usiku mesho ali mtulo, kapena mu laibulale, ganizirani za mamausi osalira podina. Amasunga mtendere m'chipinda.

Tsiku logula, pitani ndi laputopu. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo wophunzira wamanyazi amabwera ndi katundu wakufa. Wogulitsa akati, “Akulu, iyi ndi orijino, musavutike n'kuyesa,” muyankheni mwaulemu kuti, “Achimwene, ndiyese kaye, ndione ndekha.” Tsegulani Paint, jambulani mizere yozungulira pang'onopang'ono, kenako mofulumira, mzere usaduke kapena kulumpha. Gwirani batani, kokani fayilo kuzungulira sikirini osasiya, isagwe panjira. Tsegulani PDF yaitali, zunguzani kagudumu kutsikira pansi. Tsamba lisabwerere m'mwamba lokha. Dinani kagudumuko, chifukwa nakonso ndi batani. Gwedezani chingwe pamene chikulowera m'mausi, poti ndi pamene chimayambira kuduka. Zonsezi ndi mphindi zitatu zokha. Kenako pemphani lisiti, ndipo mugwirizane masiku obwezera ikavuta. Wogulitsa wokana kuti muyese katundu wake wakuuzani kale zonse zimene mumafuna kudziwa.

Dzina lodziwika pa bokosi silokwanira, chifukwa mayina otchuka ndi amene amaberedwa. Onani ngati nambala ya pansi pa mausi ikufanana ndi ya pa bokosi, ngati zilembo zasindikizidwa mooneka bwino, ndiponso ngati mtengo ukumveka. G102 yogulitsidwa pa mtengo wa mausi wamba ndi nyambo, m'kati muli mbedza. Kwa amene thumba lakanitsitsa, njira imene ndimaikhulupirira ndi ya kaunjika: mamausi akuda a waya a Dell, HP ndi Lenovo amene amabwera pamodzi ndi makompyuta ochokera m'maofesi akunja. Alibe chokongola chilichonse, koma anapangidwira munthu wodina tsiku lonse, ndipo amapezeka kwa ogulitsa makompyuta akale ku Lilongwe, ku Limbe ndi ku Mzuzu. Lamulo ndi lomwe lija: yesani musanalipire. Ngati mukutuma mnzanu wopita ku tauni, mulembereni dzina la mtundu wake. Mukangoti “undigulireko mausi”, adzabwera ndi yowala.

Tsopano nkhani ya mtengo. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mamausi amene timagula onse amachokera kunja. Ndiye chinthu chimene mukuti mudzagulanso chikafa, mudzachigula pa mtengo woposa wa lero. Funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti mwezi umodzi wa utumiki wake ukundidyera zingati. Tiyerekeze kuti yopanda dzina ndi theka la mtengo wa inzake, koma imafa semesita iliyonse. Digiri ya zaka zinayi ili ndi masemesita 8. Inu mwagula 8, mnzanu wagula imodzi, mwina ziwiri. Mwalipira kuwirikiza kanayi kapena kawiri, osawerengera thiransipoti ndi usiku umene inafa asayimenti ikufunika m'mawa mwake.

Ndikudziwa kuti masamu amenewa amapweteka. Munthu amene ali ndi ndalama ya lero yokha sangagulire za mawa, ndipo umphawi umadula pa chifukwa chimenechi: wosauka amagula chinthu chomwecho kangapo. Sindingaweruze mnzanga amene akusankha pakati pa mausi yabwino ndi chakudya cha sabata. Kwa iye ndingoti, pa zotsika mtengo zomwezo sankhani yawaya, yopanda magetsi, yopanda mabatani ambirimbiri, chifukwa ndalama yochepa imene wopanga anaikamo yapita pa zinthu zochepa. Ndikudziwanso kuti kukongola si tchimo. Chipinda cha hositelo sichikhala ndi zambiri zosangalatsa maso, ndipo kakuwala ka buluu patebulo kamamuchititsa munthu kumva kuti nayenso ali m'dziko limene amaliona pa TikTok. Mukapeza yolimba komanso yowala, thumba likalola, gulani, palibe mlandu. Chimene ndikukana n'kulipira kuwala kokhakokha, ntchito n'kutsala.

Mukagula, isamaleni molingana ndi dera lathu. Mchenga ndi mdani woyamba: umadya timapazi toterera ta pansi, ndipo ukalowa m'kagudumu tsamba limayamba kudumphadumpha. Kansalu kapena kapadi kotsika mtengo, kokunthidwa fumbi tsiku lililonse, kamatalikitsa moyo wake. Manja a nsomba ndi a mafuta a tchipisi asambidwe kaye. Chingwe musachikulunge mothina pa mausi poika m'chikwama. Ndipo ikadwala musathamangire kudzala. Anyamata okonza mafoni pa boma ndi ku Dwangwa ali ndi kachitsulo kowotcherera. Swichi yodina kawiri atha kuichotsa n'kuikapo ina yochokera m'mausi yakufa, ndipo chingwe choduka pakhosi atha kuchidula n'kuchilumikizanso. Kwathu ukonde ukang'ambika sautaya, amausoka pamthunzi masana. Lipoti la Global E-waste Monitor la 2024 linati mu 2022 dziko lonse lapansi linataya matani 62 miliyoni a zida zamagetsi, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa n'kukonzedwanso moyenera sizinakwane kota. Kuno zinyalala zathu, mvula ikagwa, zimatsetserekera kunyanja komwe timaphako ndiwo.

Ine ndinapirira ndi touchpad sabata yathunthu, kudikira tsiku limene amayi ankatumiza matumba a usipa ku Lilongwe, ndipo ndinakwera nawo lole yomweyo kuti thiransipoti isadye ndalama ya mausi. Ndinayesa mamausi anayi m'mashopu awiri, laputopu ili pa kauntala. Imene ndinabwera nayo ndi yakuda, yawaya, ya mabatani atatu, ya kampani yodziwika, yodzaza bwino m'chikhatho. Chenji ndinabweza kwa eni ake. Mng'ono wanga ataiona anati ikuoneka ngati ya ku ofesi ya boma, ndipo sanalakwitse. Koma iyenso wasiya kulota za ya chinjoka ija. Akusunga ndalama za ganyu yosenza madengu ku doko kuti adzagule ya magemu yeniyeni, ndipo walemba kale papepala zoti akayese. Mzere wa gombe langa ukupitirira kutalika, mfundo imodzi pa kudina kumodzi.

Mwina wina afunsa kuti bwanji kulemba zonsezi pa kachinthu kakang'ono chotere. Ife amene tikumaliza sukulu lero ndi amene mawa tidzakhale m'makomiti ogula zinthu m'masukulu, m'zipatala ndi m'makhonsolo, ndi ndalama zimene si zathu. Ogulitsa adzabwera ndi mabokosi aakulu, manambala aakulu, ndi nyali zowala kuposa izi. Chizolowezi chofunsa kuti chidachi chidzagwira ntchito yanji, kumalo otani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo chikafa adzakonza ndani, palibe kosi imene imachiphunzitsa. Munthu amachiphunzira pa zinthu zing'onozing'ono ngati mausi, ataima pa kauntala, ndalama ya amayi ake ili m'thumba.